Kufunafuna Mbiri ya Makolo: Poyambira Pake

Nkhani ya lero ndi ya omvera a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe amene anadzifunsapo kuti makolo awo anali ayani, anachokera kuti, ndipo anafika bwanji kumene ana awo akhala tsopano. Maiko atatuwa analumikizidwa ndi maulendo a anthu ofuna ntchito kalekale, chitaganya cha 1953 chisanabwere, ndipo chitatha m'chaka cha 1963 anthuwo sanabwerere onse kwawo. Pali adzukulu a amuna a ku Dedza amene anabadwira ku Mbare, ndi adzukulu a amuna a ku Nkhata Bay amene anabadwira ku Luanshya, ndipo ambiri a iwo dzina la mudzi wa agogo awo salidziwa.

Kusadziwa kotere kunapweteka anthu ambiri. M'chaka cha 2001 lamulo la unzika ku Zimbabwe linasinthidwa, ndipo anthu ochuluka obadwira komweko, amene makolo awo anachokera ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique, anayamba kuwerengedwa alendo m'dziko limene anabadwiramo, pamene kwawo kwa makolo kunali kosadziwika kwa iwo. Malamulo aakulu a dzikolo a 2013 anatsegulanso khomo la unzika kwa anthu otere, komabe munthu anayenera kusonyeza kuti ndi mwana wa yani. Kumidzi nakonso milandu ya minda ndi ya ufumu imagwera pa funso lomweli, ndipo wodziwa kutchula makolo ake bwino ndiye amamveka pabwalo.

Munthu wophunzira akafuna mbiri ya banja lake, maganizo ake amathamangira ku maofesi a Boma, poyesa kuti kumeneko kuli buku lalikulu lolembedwamo maina onse. Buku lotero kulibe. Ku Nyasaland lamulo la 1904 linakakamiza kulembetsa kubadwa kwa ana a Azungu ndi Amwenye, koma ana a eni dziko sanali kukakamizidwa. Kulembetsa mwana aliyense ku Malawi kunakhala lamulo logwira ntchito m'chaka cha 2015. Ndiponso m'chaka cha 1919 moto unatentha ofesi yaikulu ya Boma ku Zomba, ndi kuwononga makalata ambiri a zaka zoyamba za ulamuliro wa Angerezi. Chotero mbiri ya mabanja ambiri ili m'mitu ya nkhalamba, ndipo poyambira pake ndi pakhonde pa agogo. Mapepala adzadikira wofufuza zaka makumi awiri osasintha, pamene gogo wa zaka 85 akhoza kutsikira kuli chete dzinja lino.

Kufunsa nkhalamba kuli ndi mwambo wake. Mdzukulu amene afika ndi kope m'manja, nayamba mafunso asanamwe ndi madzi omwe, adzayankhidwa mwachidule, pakuti akuluakulu amakumbukira kuti wolemba maina kale anali kalaliki wa msonkho. Wanzeru amafika ndi kamchere, shuga ndi sopo, nagona masiku angapo, nakhala pamphasa kuthandiza kutonola chimanga kapena kusenda mtedza, ndipo nkhani zimatuluka zokha manja akugwira ntchito. Akafuna kujambula mawu pa foni ayambe wapempha. Funso lalikulu lonena kuti, “Agogo, tandiuzeni mbiri yathu,” silibala kanthu, chifukwa gogo sadziwa pogwira. Mafunso aang'ono ndiwo amatsegula pakamwa: “Agogo, kodi madzi munali kutunga kuti muli mtsikana? Nanga anakuvinirani chinamwali ndani? Amayi anu aja anaikidwa kumanda ati?” Funso la manda ndi lofunika kopambana, pakuti midzi imasamuka ndi kusiya mabwinja, koma manda sasamuka, ndipo munthu kawirikawiri anaikidwa kumene kunali mtundu wake.

Ndi kulakwa kufunsa amuna okha. Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao, Alomwe, Ansenga ndi Abemba mtundu umatsata kwa mayi, ndipo mkamwini anali mlendo pamudzi. Amene adziwa kuti uje anabadwa kwa uje ndi amayi okalamba amene anakhala pamudzipo moyo wawo wonse, analandira ana pobadwa, nalira maliro onse. Atsibweni, amene ndiwo eni mbumba, amadziwa za maukwati chifukwa anali ankhoswe, ndiponso za minda ndi milandu. Kwa Angoni a ku Mzimba, Atumbuka, Ankhonde, Ashona ndi Andebele mtundu umatsata kwa atate, ndipo kumeneko azakhali ndiwo nkhokwe ya mbiri. Amakumbukira ngakhale ng'ombe za malowolo, kumene zinachokera ndi kumene zinapita.

Pali misampha itatu imene imakola pafupifupi aliyense woyamba ntchitoyi, ndipo woyamba uli m'mawu a chibale. M'chinenero chino mng'ono wa mayi ndi mayi, mkulu wa bambo ndi bambo, ndipo ana awo ndi achimwene ndi achemwali. Mwambo umenewu ndi wokoma, pakuti suleka mwana wamasiye kukhala wopanda make, koma wolemba mbiri umamsokeretsa. Gogo akanena kuti, “Amenewo anali achimwene anga,” wofufuza afunsenso mwaulemu kuti, “Kodi munali a mimba imodzi, kapena amayi anu ndi amayi awo ndiwo anali pachibale?” Akuluakulu a Chichewa amagawa mbumba m'mabele, bele lalikulu ndi bele laling'ono, monga mwa ana aakazi a kholo loyamba. Wofufuza akamvetsa mabele a pamudzi pake wagwira msana wa mbiri yonse, ndipo maina ena onse adzapeza pokhala.

Msampha wachiwiri ndi kulowa dzina. Mfumu ikamwalira, mphwake amalowa dzina lake, ndipo pofotokoza zakale amalankhula ngati iye mwini ndiye anachita zonse. Mfumu ya lero ikhoza kunena kuti, “Ine ndinafika pano pothawa Angoni,” pamene amene anathawa Angoni ndi mwini dzina wachinayi kubwerera m'mbuyo. Motero anthu anayi kapena asanu amasanduka munthu mmodzi wokhala ndi moyo zaka 150. Mankhwala ake ndi kufunsa dzina la ubwana la mfumu iliyonse, dzina la amake, ndi amene anali mkazi wake wamkulu.

Wachitatu, umene uli woopsa koposa, ndi kusinthasintha kwa maina a munthu mmodzi. Mnyamata anali ndi dzina la ubwana. Potuluka ku dambwe kapena ku jando anapatsidwa lina, ndipo kumtchula ndi lakale kunali chipongwe. Pobatizidwa anatenga lachitatu, la m'Baibulo. Pofika ku mgodi kapitawo amene analephera kutchula dzina lake anamlemba Jim kapena Sixpence. Ena anasintha dala dzina ndi kwawo komwe kuti apeze chitupa, monga anthu a ku Mozambique amene analembetsa ngati a ku Nyasaland. Dzina la banja monga lidziwika lero ndi chinthu chatsopano. Mphunzitsi kapena kalaliki anafunsa mwana dzina la atate wake, nalilemba kumapeto, ndipo chifukwa cha ichi ana a mimba imodzi nthawi zina ali ndi maina a banja osiyana. Ndiponso mkazi wa kale sanali kutchula dzina la mwamuna wake, koma “a Phiri” kapena “bambo a uje,” kotero kuti dzina lenileni la agogo aamuna kawirikawiri limapezeka kwa msuwani wawo, amene mwambo umamlola kuwaseka ndi kuwatchula.

Mfunda kapena chiwongo ndi chingwe cholimba kuposa maina enawo, koma nachonso chifuna kusamala. Ofufuza za Achewa analemba kuti kale mfunda unali kutsata kwa mayi, ndi kuti kutenga chiwongo cha atate kunafala Angoni atafika. Chotero gogo wotchedwa NaBanda afunsidwe ngati Ubandawo ndi wa kwa atate ake kapena wa kwa amake. Ndipo a Banda a ku Kasungu asafulumire kutcha mbale Banda aliyense wa ku Chintheche kapena wa ku Katete. Mfunda umasonyeza dera lofunamo, sutchula mudzi.

Nkhalamba zambiri sizidziwa chaka chimene zinabadwa, ndipo zaka zolembedwa pa ziphaso zawo zinali zongoyerekeza za kalaliki. Koma zimadziwa zimene zinachitika, ndipo zochitikazo zili ndi zaka zake zodziwika. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi tsiku la kadamsana, m'mwezi wa November 1835. Gomani woyamba anaphedwa ndi Angerezi m'chaka cha 1896, ndipo nkhondo ya Mpezeni inali ya 1898. Nkhondo ya Chiwaya, imene inatenga amuna ambirimbiri kukhala amtengatenga, inali ya 1914 kufikira 1918. John Chilembwe anaukira Boma mu January 1915. Mliri wa fuluwenza unafika kumapeto kwa 1918. Dzombe lalikulu linagwa m'zaka zoyamba za m'ma 1930. Njala yoopsa ya ku Nyasaland inali ya 1949, ndipo Atonga a m'chigwa cha Zambezi, okwana ngati 57,000, anasamutsidwa chifukwa cha damu la Kariba kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Tsono gogo akanena kuti pa njala ya 1949 anali atangotha msinkhu, wofufuza adziwa kuti anabadwa pafupi ndi 1935. Akanena kuti amake anabadwa atate awo ali ku mtengatenga, chaka chapezeka, cholakwika mwina ndi ziwiri zokha.

Zonse zimene zamveka zilembedwe tsiku lomwelo, pamodzi ndi dzina la wonena, malo ndi tsiku. Nkhalamba ziwiri zikasiyana mawu, mawu onse awiri alembedwe monga ananenedwera. Wofufuza amene asankha nkhani yomkomera ndi kutaya inayo adzanong'oneza bondo patsogolo, pakuti kawirikawiri yotayidwayo ndiyo imadzagwirizana ndi mapepala.

Atatha kufunsa amoyo, ndipo pamene munthu ayenera kutembenukira ku zolembedwa, kuyambira m'nyumba momwemo. M'masutukesi achitsulo a nkhalamba mumapezeka zitupa, malisiti a msonkho, makadi a mpingo, mabuku a ku positi ofesi, mamendulo a nkhondo, makalata ochokera ku Joni, ndi maina a ana olembedwa pachikuto cha Baibulo. Chitupa chakale ndi chuma, chifukwa chinali kutchula dzina la munthu, mudzi wake, mfumu yake ndi boma lake. Amene apeza zinthu zinayi zimenezi wapeza njira yonse ya kwawo. Nambala ya usilikali kapena ya ku mgodi ikopedwe mosamala, pakuti m'mabuku a Azungu munthu anali kudziwika ndi nambala koposa dzina.

Kunja kwa nyumba, mabuku akale koposa onena za anthu wamba ndi a mipingo. Mishoni ya Livingstonia inayamba ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, ya Blantyre 1876, ya Likoma 1885, ya Mvera 1889, ya Nkhoma 1896, ndi ya Magwero, kufupi ndi Chipata, 1899. Akatolika anayamba ku Nzama m'chaka cha 1901 ndi ku Mua 1902. Akaundula a ubatizo ndi a maukwati kawirikawiri amatchula mudzi ndi makolo a munthu, ndipo nthawi zina dzina lake lakale pambali pa lachikhristu, chimene chimamasula mfundo ya maina imene yanenedwa ija. Mpingo wa ku Nkhoma unatumiza mbusa ku Salisbury m'chaka cha 1912 kukaweta anthu a ku Nyasaland ogwira ntchito kumeneko, ndipo mkhristu wosamuka anali kunyamula kalata yochokera ku mpingo wa kwawo. Wopita kukapempha mabukuwa adziwe kuti wosunga ndi mbusa kapena wansembe wotanganidwa. Afike ndi dzina, mudzi ndi zaka zoyerekeza, osati kungoti, “Ndifuna agogo anga.”

Nyumba zosungira makalata akale a Boma zilipo zitatu, ku Zomba, ku Lusaka ndi ku Harare. Ya ku Harare inayamba m'chaka cha 1935, ndipo m'zaka za m'ma 1940 inakuzidwa kuti itumikire maiko onse atatu, nthambi ya ku Zomba nitsegulidwa m'chaka cha 1947. M'nyumbazi munthu asayembekezere kupeza dzina la agogo ake msanga. Chimene chimapezeka ndi mbiri ya dera: mabuku a ma D.C. olembedwamo mibadwo ya mafumu, kusamuka kwa midzi, milandu ya malire, ndi zaka za njala. Powerenga akumbukire kuti Bwana D.C. analemba zimene anamva kudzera mwa womasulira, kuchokera kwa mfumu imene inali ndi zofuna zake. Akumbukirenso kuti maina a malo anasintha: Fort Jameson ndi Chipata, Fort Johnston ndi Mangochi, Fort Manning ndi Mchinji, Port Herald ndi Nsanje, Fort Hill ndi Chitipa, Broken Hill ndi Kabwe, Wankie ndi Hwange. Mabuku a eni dziko amene anayenda kufunsa akuluakulu nawonso athandiza kudziwa mayendedwe a mitundu, monga Mbiri ya Achewa ya Samuel Josiah Ntara, ndi buku la Yohanna Abdallah lonena za Ayao limene linatuluka m'chaka cha 1919.

Za matchona zifuna mawu owonjezera, pakuti m'mabanja ambiri muli munthu amene anapita ku ntchito osabweranso. Funso loyamba ndi lakuti anapita bwanji. Wopita ndi Wenela ku migodi ya golide ya ku South Africa analembedwa m'mabuku a kampaniyo, imene pambuyo pake inatchedwa TEBA. Wopita ndi Mthandizi ku mafamu a ku Southern Rhodesia nayenso analembedwa. Koma wopita pa selefu, woyenda pansi kudzera ku Tete, sanasiye dzina paliponse kufikira pamene anatenga chitupa kumene anafika. Zaka zina zithandiza kulondola otayika: pa 6 June 1972 mgodi wa malasha wa ku Wankie unaphulika ndi kupha anthu 427, ena mwa iwo a ku Zambia ndi ku Malawi, ndipo mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndi kupha anthu a ku Malawi oposa 70, Boma la Malawi niliimitsa kulemba anthu a ku migodi. Amene anapita ku nkhondo ndi Keyala afunidwe pa nambala yawo ya usilikali, ndipo maina a asilikali amene anafa pa nkhondo yoyamba analembedwa pa chipilala cha chikumbutso ku Zomba. Kwa obadwira ku Zimbabwe, mabungwe othandizana pa maliro, magulu a gule wamkulu ndi mizikiti ya Ayao ya m'makomboni a migodi ndi mafamu ndiwo malo ofunsako, chifukwa anthu a boma limodzi anali kusonkhana pamodzi ndi kuikana m'manda.

Masiku ano kuli makampani oyeza malovu a munthu ndi kumuuza dera limene makolo ake akutali anachokera. Kuyezako kukhoza kutsimikiza ngati anthu awiri ali pachibale, koma sikutchula mudzi, mfumu kapena dzina la gogo aliyense.

Wofufuza adzakumana ndi zinthu zimene banja linakwirira dala. Kufikira m'zaka za m'ma 1890 ukapolo unalipo m'maiko ano, ndipo m'midzi yambiri muli bele lochokera kwa mkazi wogulidwa, wogwidwa pa nkhondo, kapena woperekedwa kulipira mlandu. Adzukulu ake lero ndi abale enieni, ndipo akuluakulu amadziwa koma sanena, chifukwa mawu amodzi otere akhoza kulanda munthu munda kapena kumtsekera ufumu. Palinso ana amene atate awo enieni si amene anawalera, makamaka kumene mwamuna anakhala ku Halale zaka zisanu. Gogo akakhala chete pa dzina lina, kapena akayamba kunena za mvula, mdzukulu asaumirize. Ndipo chimene wauzidwa m'nyumba usiku asakachiwerenge pa msonkhano wa banja popanda chilolezo cha womuuzayo. Pamene pali mkangano wa ufumu, adziwe kuti mbali iliyonse idzampatsa mibadwo yokonzedwa kuti ikomere iwo.

Tsono tsiku limafika lakuti mdzukulu wa mtchona, atapeza boma, mfumu ndi mudzi, akwere basi kunka kumeneko. Asalunjike ku nyumba imene ayesa ndi ya abale ake. Ayambe kwa nyakwawa, ndi kanthu m'manja, natchule maina onse a agogo ake, mfunda wawo, dzina la amawo ndi la mlongo wawo ngati alidziwa, ndi chaka chimene anachoka. Dzina la mlongo ndilo limatsegula makomo msanga, pakuti ana a mlongoyo ndiwo ali pamudzipo. Mfumu idzaitana amayi okalamba, ndipo iwo adzamfunsa mafunso, nadzamuyang'ana nkhope, mayendedwe ndi zala. Akakhutira adzalira maliro a mbale wawo amene sanamuike, nadzamuonetsa bwinja ndi manda.

Koma mlendoyo adziwiretu malo ake. Ngati atate a atate ake anali Mchewa amene anakwatira mkazi wa Chishona, abale a ku Zimbabwe amamuyesa wa ku Malawi, chifukwa kwa iwo mwana ndi wa atate. Pamene ku Dedza kapena ku Katete mwambo umati mwana ndi wa kwa amake. Pamudzi pa agogo ake adzalandiridwa ngati mwana wa pamudzi, adzamphera nkhuku, ndipo akafuna kukhala mfumu ikhoza kumpatsa malo. Koma sali wa mbumba, ndipo minda ya mtundu ndi dzina la ufumu zili m'manja mwa adzukulu a mlongo uja. Amene afika ndi mapepala kudzafuna munda wa agogo ake adzapeza kuti amayi okalamba aja ayamba kuiwala maina amene anali kuwakumbukira dzulo lake.